Bokosi la Kanema Limene Bambo Athu Anasiya

Mau amene analankhulidwa pa tsiku la chikondwerero m'malo mwa ana aakazi atatu a banja limodzi

 Tithokoza komiti chifukwa chotipatsa mpata uwu. Pamene komiti inapempha kuti aliyense afunefune zithunzi zakale zodzaonetsa pa chikondwerero chino, ife atatu, ana a mimba imodzi, tinakumbukira bokosi lina limene linakhala pansi pa bedi la malemu mayi athu zaka zambirimbiri. Zimene tinapeza m'bokosimo, zimene tinaononga chifukwa cha phuma, ndi zimene tinapulumutsa, ndizo tifuna kukufotokozerani lero, popeza tikhulupirira kuti mabokosi otere alipo ndithu m'nyumba zina.

Bambo athu, monga abambo ambiri a nthawi imeneyo, anapita kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Anali woyendetsa galimoto ku Bulawayo. Bwana wao wina pochoka m'dzikomo anawasiyira kamera yojambulira kanema pamodzi ndi makina ake oonetsera, amene achinyamata amawatcha pulojekita. Tsono bambo akabwera kumudzi pa tchuthi m'zaka za m'ma 1960, ankajambula abale. Akabwerera ku ntchito ankatumiza filimuyo pa positi kukatsukitsa, ndipo inkabwera patapita milungu ingapo ili m'timabokosi tachikasu. Atabwerera kumudzi kotheratu, kanemayo anamuonetsa kawiri kokha, ku sukulu kumene kunali injini ya magetsi, pakuti kwathu magetsi kunalibe. Bokosi linatsekedwa. Bambo anatisiya, mayi anatisiyanso, bokosi lili chitsekere.

Ana athu a lero amene amajambulana ndi foni pakudya ndi poyenda pomwe sangamvetse kuti chimenechi chinali chinthu chachikulu. Tiwakumbutse kuti wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Ife tili ana, kanema tinkamuona pamene galimoto yachikasu ya a zamalimidwe yafika pa bwalo madzulo kudzaonetsa za kalimidwe kabwino. Koma kuona nkhope ya mbale wako weniweni ikuyenda pa khoma, chimenecho chinali chosowa kwambiri.

M'bokosimo tinapeza makina aja ali m'chikwama chake, ndi timagudumu 12 ta filimu, kalikonse kukula kwake ngati pakamwa pa kapu ya tiyi. Chimwemwe chinatipitirira. Loweruka lomwelo tinanyamula zonse kupita nazo kwa achemwali athu aakulu kumene kuli magetsi. Tinaitana ana ndi adzukulu, tinapachika shiti yoyera pa khoma, tinapukuta fumbi pamwamba pa makina, ndipo tinakoleka filimu monga tinkaonera bambo akuchita ife tili ana. Titayatsa, makina analira ndithu, kuwala kunagwa pa shiti, ndipo tinaona mayi athu ali mtsikana, atabereka mwana kumbuyo, akuchokera ku nkhokwe. Nyumba yonse inafuula. Posakhalitsa chithunzi chinayamba kudumphadumpha, kulira kwa makina kunasintha, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali pafupi ndi pozimitsira, pakuti maso a tonse anali pa khoma. Kenaka chithunzi chinaima. Pakati pake panatuluka kadontho kofiirira, kanakula ngati pamene nsalu yapsa ndi simbi ya makala, ndipo pa shiti panatsala kuwala kokha.

Titatsegula makina tinapeza kuti filimu yotalika ngati mita imodzi yang'ambika m'mbali ndi kupindikapindika, ndipo pena yasungunuka. Mita imodzi ya filimu ya mtundu umenewu ndi masekondi 16 okha. Koma mwana amene anali kumbuyo kwa mayi anali achimwene athu oyamba kubadwa, amene anamwalira ndi chikuku ife tisanabadwe, ndipo chithunzi chao china palibe pa dziko lino lapansi. Chithunzi cha pa pepala wojambula angathe kukutsukirani china. Filimu ya pa banja si yotero. Imene inali m'kamera tsiku lojambulalo ndi yomweyo imene muli nayo m'manja, inzake palibe. Usiku umenewo tinagona osadya, tikudziwa kuti madzi akatayika saoleka.

Akuluakulu anati safunsa adadya phula. Ife titadya phula lathu ndi pamene tinayamba kufunsa. Mwana wa achemwali athu amene amakonza mawailesi anawerenga ndi kufunsa kwa anthu odziwa makina amenewa, ndipo anatifotokozera motere. Filimu ndi lamba wautali wa tizithunzi tating'ono tondondozana, ndipo m'mbali mwake muli timabowo. M'kati mwa makina muli kadzino kamene kamalowa m'kabowo, kukokera filimu pansi kachithunzi kamodzi, ndi kuisiya itaima pamaso pa getsi. Pamene kadzino kakukoka, kachitseko kozungulira kamatseka kuwala kuti maso athu asaone kukokako. Zimenezi zimachitika ka 16 pa sekondi imodzi, ndipo n'chifukwa chake makinawa amalira kuti tcheketcheke. Inu amene mumasoka mudziwa mano aja amene amakoka nsalu pang'onopang'ono pansi pa singano. Nzeru yake ndi yomweyo. Mbiri imanena kuti Louis Lumière wa ku France, amene pamodzi ndi mbale wake Auguste anaonetsa kanema kwa anthu olipira mu mzinda wa Paris mu 1895, anatengera kakokedwe kameneka pa makina osokera. Tsono mudziwanso chimene chimachitika nsalu ikakodwa pamene makina akuthamanga. Kusiyana kwake n'kwakuti pano pali getsi lotentha kwambiri, kotero kuti filimu ikaima pamaso pake imasungunuka m'kanthawi kochepa.

Chinthu choyamba chimene tinaphunzira n'chakuti mafilimu a pa banja odziwika kwambiri ali mitundu itatu. Kampani ya Kodak ya ku America inatulutsa filimu ya mamilimita 16 m'lifupi mu 1923, ndipo imeneyi ndiyo inkagwira ntchito kwambiri m'masukulu, m'mamishoni ndi m'magalimoto oonetsa kanema. Mu 1932 inatulutsa ya mamilimita 8, yotsika mtengo, imene imatchedwa Standard 8. Yathu ndi imeneyi. Mu 1965 kunabwera Super 8, imene m'lifupi ndi chimodzimodzi, koma timabowo take ndi tochepa ndipo kachithunzi kake ndi kokulirapo. Kagudumu ka mafiti 50, ndiko kuti mamita 15, ka Standard 8 kamatha mphindi 4 ndi masekondi 10. Ka Super 8, imene imayenda tizithunzi 18 pa sekondi, kamatha mphindi 3 ndi masekondi 20. Mitundu iwiriyi imaoneka yofanana, koma mukaika ina m'makina a inzake, mano amaing'amba nthawi yomweyo. Kuisiyanitsa n'kosavuta. Bowo la pakati pa gudumu la Standard 8 limangokwana pensulo, pamene la Super 8 limalowa nsonga ya chala chaching'ono. Makina ena anapangidwa kuti azionetsa mitundu yonse iwiri, koma pamakhala kachitsulo koyenera kusuntha poyamba.

Pano tichenjezane. Mafilimu ang'onoang'onowa amasungunuka, koma sabuka moto. Mukapeza filimu yaikulu ya mamilimita 35, yonga ya m'nyumba za kanema, yopangidwa chisanafike chaka cha 1952, imeneyo ikhoza kukhala ya mtundu wotchedwa nitrate, umene umayaka koopsa ndipo madzi sauzima. Musaiyandikize ku moto kapena ku makina.

Chachiwiri, filimu imakalamba. Imapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa acetate, amene akakhala pa malo otentha ndi achinyezi amayamba kuonongeka pang'onopang'ono natulutsa fungo la viniga. Choncho chida choyamba ndi mphuno ya mayi, yomwe ija imadziwa kuti mkaka wasasa. Tsegulani kabokosi, nunkhizani. Filimu yonunkha viniga imafupika, imapindika ngati tsamba la fodya louma, ndipo potsiriza imathetheka. Ikafupika, timabowo timayandikirana, kadzino kamalephera kulowa pamalo pake, kayamba kubowola pena. N'zimene zinachitikira filimu ya achimwene athu. Matendawa sachizika, ndiponso mpweya wake umafulumizitsa kuonongeka kwa mafilimu ena a m'bokosi lomwelo, motero odwalawo apatuleni. Mwa timagudumu tathu 12, titatu tinali tonunkha, kuphatikizapo kaja tinaononga, ndipo sitinatibwezenso m'makina. Totsalato tinatifunyulula pang'onopang'ono ndi manja osamba bwino, pa tebulo loyala nsalu yoyera, kugwira m'mbali mokha. Tinkayang'ana timabowo tong'ambika, chuku, ndi polumikiza pakale pamene pamatuka. Polumikiza pamafuna tepi yakeyake. Selotepi wa ku golosale amamata makina ndi kuononga chithunzi.

Chachitatu ndi makina enieniwo. Makina a nthawi imeneyo, monga a Bell & Howell a ku America, a Eumig a ku Austria, a Bolex a ku Switzerland ndi a Elmo a ku Japan, anapangidwa olimba, ndipo ambiri akugwirabe ntchito mpaka lero. Koma akakhalitsa osagwira ntchito, lamba wa mphira amauma kapena kufewa ngati phula, girizi amalimba, ndi fumbi limaunjikana pa kakhomo kamene filimu imadutsapo. Kamchenga kamodzi pamenepo kamakanda mzere kuyambira poyamba mpaka pothera. Pukutanipo ndi kaburashi kofewa kapena kamtengo ka machesi, chitsulo ayi. Werengani mphamvu ya magetsi yolembedwa kumbuyo kwa makina. Magetsi athu ndi a 230 volts, pamene makina ochokera ku America amafuna 110 kapena 120, ndipo mukawalumikiza popanda thiransifoma amapsa pomwepo. Waya wakale wong'aluka asinthidwe ndi munthu wodziwa. Yatsani makina opanda filimu kwa mphindi zingapo ndi kumvetsera kulira kwake. Babu musaligwire ndi zala, ndipo musagwedeze makina babu lili lotentha, pakuti mababu ake ndi osowa.

Pokoleka filimu siyani kakhota kolendewera pamwamba ndi pansi pa kakhomo kaja. Kakhota kameneka ndiko kamapatsa filimu mpata woima ndi kuyenda pamene magudumu akuzungulira mosalekeza, ndipo ife tsiku loyamba lija tinakoka filimu ndi kuimanga gwa. Zungulizani makina ndi dzanja poyamba kuti muone ngati mano akulowa bwino. Yambani ndi filimu imene simungaidandaule kwambiri. Ndipo munthu mmodzi akhale pambali pa makina, chala chili pozimitsira, makutu ali tcheru. Ameneyo ntchito yake si kuonera.

Zonsezi zinatitengera miyezi iwiri, kudikira lamba watsopano kuchokera kunja. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wachiwiriwu tinachita chinthu china chimene poyamba paja sitinachiganize. Tinakatenga azakhali athu, alongo ao a bambo, amene ndi okhawo otsala mwa anthu a msinkhu umenewo m'banja mwathu. Ndi awo akhala kutsogoloku avala mpango woyera.

Chithunzi chinabwera bwinobwino, chosadumpha. Dothi linali lofiira, chimanga chobiriwira, ngati zajambulidwa dzulo. Filimu yathu ndi ya Kodachrome, imene inayamba mu 1935 ndipo imadziwika kuti imasunga mitundu zaka zambiri ikakhala mu mdima. Analeka kuipanga mu 2009. Koma amayi anzathu, mafilimu amenewa salankhula. Super 8 yokhala ndi mau inabwera mu 1973, ndipo a bambo athu ndi akale kuposa pamenepo. Anthu amatsegula pakamwa, amaseka, amaomba m'manja, koma chimene mumamva ndi kulira kwa makina kokha. Tikadakhala tokha tikadangoona alendo akuyendayenda m'mudzi wachilendo.

Azakhali atangoona anayamba kulankhula ndi anthu a pa khoma ngati ali nao m'chipinda momwemo. "Mayo ine, amayi awo! Taonani akubisa pakamwa ndi nsalu, ankachita manyazi ndi mano ao. Uyo akupetayo ndi mayi anu aang'ono, anapita pa uchembere chaka chotsatira. Uyo wa njinga ndiye anali nkhoswe ya ukwati wa bambo anu. Mtengo wa mango uwo anabzala ndi agogo anu aamuna." Kenaka panadutsa mtsikana wowonda atasenza ndowa ya madzi, anacheukira kamera, naseka. Azakhali anakhala chete. Mdzukulu wina anafunsa kuti, "Agogo, nanga uyo ndani?" Iwo anayankha, "Ndine, mwana wanga. Ndine ameneyo."

Mdzukulu mmodzi anakhala ndi kope ndi pensulo, wina anatchera foni kujambula mau a azakhali. Kagudumu kalikonse tinakapatsa nambala, ndipo pansi pa nambalayo tinalemba anthu monga mwa kuoneka kwao, ubale wao, ndi malo. Zaka tinazipeza pa chidindo cha positi cha pa timabokosi. Pamene chidindo chafufutika, m'mbali mwa filimu ya Kodak muli tizizindikiro tozungulira, ta ngodya zitatu ndi ta ngodya zinayi, timene timanena chaka chimene filimuyo inapangidwa. Tinalemba maina 41. Koma anthu 9 palibe amene anawadziwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna, anzao a bambo amene ankabwera nao limodzi kuchokera ku Bulawayo. Bambo athu aang'ono amene anagwira nao ntchito kumeneko akadawatchula onse mmodzimmodzi, koma anatisiya zaka zitatu zapitazo, bokosi lili pansi pa bedi. Ichi ndicho chimatiwawa koposa filimu imene inapsa ija, pakuti tinali ndi nthawi yonse yowafunsa.

Mukaonera, ganizirani za kukopera, chifukwa nthawi iliyonse imene filimu yadutsa m'makina imakandika pang'ono. Njira yabwino ndi ya makina amakono amene amajambula kachithunzi kalikonse pakokha popanda kadzino kokoka, ndipo ena mwa iwo amatha kuwerenga ngakhale filimu yofupika. Ana athu amene ali ku South Africa ndi ku Britain angathe kutithandiza kupeza anthu ogwira ntchito imeneyi. Timagudumu tathu titatu todwala tija tatumiza kumeneko, ndipo tidikira kumva ngati mwa masekondi 16 a achimwene athu mungapulumuke kanthu. Njira yosafuna ndalama ndi kuimika foni pa tebulo kuti ijambule khoma pamene kanema akuonetsedwa. Chithunzi chake chimaphethira, komabe chimagwira nkhope pamodzi ndi mau a agogo amene akufotokoza.

Mukakopera musataye filimu. Mabanja ambiri a kunja m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 anakopera mafilimu ao pa matepi a vidiyo a VHS, nataya mafilimuwo. Makina otsiriza oonetsera matepi amenewa anapangidwa mu 2016, ndipo matepiwo akufufutika, pamene filimu ya m'ma 1960 ikuonekabe. Foni imatayika, kompyuta imafa. Filimu isungeni pa malo ozizira, ouma ndi amdima. Musaiike kudenga pansi pa malata, kapena pa simenti nthawi ya dzinja, kapena m'jumbo yomanga pakamwa. Zimene mwakopera zigaweni kwa abale atatu kapena anayi, pamodzi ndi maina amene mwalemba.

Ntchito imeneyi si ya ife tokha. Kuyambira mu 2003, m'maiko ambiri muli tsiku lotchedwa Home Movie Day, pamene anthu amabweretsa mafilimu a m'nyumba zao, akatswiri nayamba awayeza, ndipo pambuyo pake onse amaonera pamodzi, mwini filimu akufotokoza. Bungwe la UNESCO linapatula tsiku la 27 Okutobala kuti chaka chilichonse anthu azikumbukira kusunga mafilimu ndi mau akale. Kuno kwathu, ku Zomba kuli National Archives, nyumba yosungira zakale za dziko lino. Filimu imene ikuonetsa msika, sukulu, chipatala kapena msonkhano wa kale ndi mbiri ya anthu onse, ndipo ndi bwino kuwadziwitsa a kumeneko.

Pempho lathu ndi ili. Mukafika kunyumba yang'anani pansi pa bedi ndi m'masutikesi a makolo, makamaka inu amene abambo anu anagwira ntchito kunja kapena pa mishoni. Mukapeza timagudumu totere musathamangire ku magetsi monga tinachitira ife. Nunkhizani, yang'anani, funsani. Makina athu alipo, ndipo mwana wathu walonjeza kuthandiza aliyense wa m'gulu lino popanda malipiro. Inu amene mulibe filimu koma muli ndi zithunzi za pa pepala, pitani nazo kwa agogo mlungu uno, mukhale nao pa mphasa, mulembe maina kumbuyo ndi pensulo.

Tikatha kudya tidzatseka mazenera a m'holo ndi kuonetsa kagudumu kamodzi kokha, ka mphindi 4, kamene muli ambiri mwa anthu 9 osadziwika aja. Azakhali adzafotokoza amene akuwadziwa. Tipempha amayi achikulire, makamaka amene amuna anu kapena alongo anu anakhalako ku Bulawayo, kuti mukhale pa mipando ya kutsogolo. Mukaona nkhope imene mukuidziwa musachite manyazi, itchuleni mokweza, ndipo mdzukulu wathu adzakhala pafupi ndi kope lake.